Chikombole cha Eni

Chinabwera m'bokosi lamatabwa chaka chimene ndinakwatira,
matani awiri a chitsulo chakuda,
magawo awiri olumana ngati nsagwada.
Kireni itachitsitsa, kapitawo Thangavel anati:
"Musachizolowere. Chili ndi eni ake kutali uko.
Ife tangobwerekedwa."

Pochipukuta girizi ndinapeza dzina m'nthiti mwake,
lokhomedwa ndi ponchi, chilembo chimodzichimodzi, mokhota:
OTTORINO, LUMEZZANE.
Sindinafunse kuti ameneyo ndani.
Ntchito inali itatipeza kuno ku Coimbatore,
ndipo wanjala safunsa amene anadyera m'mbale dzulo.

Zaka zisanu ndi ziwiri, shifiti ya usiku.
Aluminiyamu ali ndenge m'ng'anjo,
kuwala ngati mwezi wagwera m'chidebe.
Ndimatunga ndi chipande chachitali, kuthira,
pisitoni n'kumenya kamodzi, phu!
simenti n'kunjenjemera mpaka m'mano mwanga.
Ndiwerenge makumi anayi, nsagwada zitseguke,
chinthu chija chituluke chikufuka,
ndichigwire ndi chopanira, nditseke, ndithirenso.

Chinthu chanji? Papepala ndi nambala chabe.
Ena amati n'chivindikiro cha pampu,
Ponnusamy amalumbira kuti chimakhala m'mimba mwa thirakitala.
Ndaumba zikwi mazanamazana,
sindinachionepo n'chimodzi chomwe chikugwira ntchito.

Koma chikombolecho ndinachidziwa kuposa khomo langa.
Ngodya yakumanzere imakakamira,
imafuna uyipopere mankhwala kawiri.
M'bandakucha wa Disembala, kukazizira,
zisanu zoyamba uzibwezere m'ng'anjo:
kunja zili see, m'kati muli thovu
limene ife sitiliona koma makina a ogula amaliona,
n'kubweza kontena yonse.
Chinandilavulirapo moto kamodzi. Chipsera nachi pamkono.
Komabe pa Ayudha Puja, tsiku lolemekeza zipangizo,
ndinkachiveka nkhata ya maluwa achikasu,
kadontho kofiira pamphumi pake,
nthochi ndi kokonati wosweka patsogolo,
Malarvizhi n'kumandiseka kuti ndili ndi mkazi wachiwiri.

Kalatayo sindinaiwerenge,
ndinangoiona pankhope pa Thangavel.
Kwinakwake kutsidya la nyanja ina
wina watsitsa mtengo ndi masenti asanu ndi anayi pachimodzi.
Masenti asanu ndi anayi!
Tiyi wa pageti ndi wodula kuposa pamenepo.
Mayi amene wasaina sanamvepo kutentha kwa chipinda chino.
Sindikumuda. Nayenso ali ndi womuwerengera masenti.

Lole ikubwera Lachinayi, ulendo wa kudoko la Kochi.
Usiku uno makina ali zii.
Ndachitsuka, ndapemerera timabowo tonse ta madzi,
ndayamba kuchidzoza girizi ndi manja, osati ndi bulashi,
ndipo ndadzipeza ndikupaka, ndikupakabe,
ngakhale pomwe dzimbiri silingafike.
Apa ndiye ndakumbuka:
tsiku lija girizi anali wochuluka modabwitsa,
tinatha nsanza mtolo wathunthu, tikutukwana
wopenga amene anawononga mafuta chotere.

Ottorino.
Unali wekha m'fakitale usiku umenewo?
Kumapiri kwanuko kunali kuzizira?
Unapeza ntchito ina, kapena umangokhala pazenera
manja akuwerenga okha makumi anayi?
Mbale imene ndinadyera inali yako.

Ndatenga ponchi ndi hamala.
Pansi pa dzina lako patsala malo,
koma langa n'lalitali, Arivazhagan,
ndipo wolandira bokosili kumene likupita
dzina langa silidzamuthandiza kanthu.
Choncho ndakhoma muvi woloza ngodya yakumanzere,
pambali pake nambala 2.
Akakhala wantchito weniweni adzamva pasanathe sabata.

Kunja kwayamba kuyera, mabasi oyamba akulira ku Kurichi.
Mlonda akugwedeza makiyi.
Magolovesi ndawasiya pa makina,
kenako ndabwerera, ndawatenga,
poti amenewo ndinagula ndekha.